Dzina la Schulz si mfunda

Mdzukulu wanga amene akuphunzira unamwino ku Hamburg, m'dziko la Germany, wandilembera kuti: "Agogo, mayi amene amatiyang'anira pantchito ndi Schulz, mwini nyumba yomwe ndikukhala nayenso ndi Schulz. Kodi ndi pachibale, monga a Phiri ndi a Phiri anzawo? Nanga poti mayiyo ndi wamng'ono kwa ine, ndingamuitane dzina lake loyamba?"

Iwe mwana, usapite kukawalumikiza anthuwo ubale, angakuseke. Kwathu kuno ukamva Phiri kapena Banda umadziwa mfunda wa munthu. Kumeneko mayina ambiri anachokera ku ntchito imene kholo linkagwira. Müller, lomwe ndi lofala kuposa onse, anali mwini chigayo. Schmidt ankasula zitsulo, Schneider anali telala. Mayinawa anayamba kukhazikika m'zaka za m'ma 1100, poyamba m'matauni, anthu atachuluka moti ukaitana "Hans" amatembenuka ambiri.

Koma la Schulz landikomera. Linafupikitsidwa kuchokera ku mawu akuti Schultheiß, kutanthauza munthu wolamula kuti anthu apereke zimene akuyenera kupereka. Tinene kuti nyakwawa. Ankatolera msonkho wa mwini malo, kuweruza timilandu ta m'mudzi, ndipo ndikhulupirira kuti ena akamuona akubwera ankazembera kuseri kwa nkhokwe. Midzi yambiri inali ndi wakewake, n'chifukwa chake a Schulz ali mbwee koma magazi ndi osiyana. Kwina amalemba Schulze, kwina Schultz, ku Silesia ankati Scholz, dzina la Olaf Scholz uja amene analowa utsogoleri wa dzikolo mu 2021.

Tsono za kaitanidwe. Zaka zake zisakunyenge. Uziti "Frau Schulz", kutanthauza Mayi Schulz, ndipo polankhula naye uzigwiritsa ntchito "Sie", amene ali ngati "inu" wathuyu. "Du" ndi "iwe". Pantchito amene ali ndi udindo ndiye amayamba kunena kuti tsopano tiziitanana "du", osati iwe wobwera dzulo. Si chachilendo kwa iwe chimenechi. Kodi unandimvapo ndikuitana amayi ako dzina lawo la paubwana? Ndimati Nabanda, ngakhale ndinawaona akukwawa.

Akakuuza kuti m'wodi yonse mumaitanana mayina oyamba, vomera, usachite manyazi. Koma kwa odwala okalamba aja, "Herr" (Bambo) ndi "Frau" asachoke pakamwa pako.