Sindidziwa kuwerenga, nanga mdzukulu wanga ndimukonzekeretsa bwanji sukulu?

FUNSO: A mlangizi, kalatayi wandilembera mnansi wanga. Ndikulera mdzukulu wa zaka 3 chimwalirireni mayi ake, mwana wanga. Bambo ake ndi chidakwa, akafika pakhomo ndi phokoso lokhalokha. Ine sukulu sindinapiteko, posaina ndimadinda chala, ndipo ndalama ya sukulu ya mkaka ndilibe. Kodi mwanayu sadzakhala wotsalira m'kalasi? Ndine gogo wodandaula.

YANKHO: Agogo, pepani ndi imfa ya mwana wanu. Koma musadziderere. Chimene mdzukuluyo akusowa kwambiri pa msinkhu uwu muli nacho kale: pakamwa panu ndi nthawi yanu.

Mu 1986 ndi 1987, ku Kingston m'dziko la Jamaica, ofufuza otsogozedwa ndi Sally Grantham-McGregor anasankha ana 129 opinimbira a m'mabanja osauka, a miyezi 9 mpaka 24. Ena mwa anawo ankayenderedwa ndi wazaumoyo ola limodzi sabata iliyonse kwa zaka ziwiri. Ntchito yake inali kuonetsa amayi kachezedwe ndi kaseweredwe ndi mwana, ndi zidole zopanga pakhomo. Patatha zaka 20, ana oyenderedwa aja ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo amene sanayenderedwe. Nkhani imeneyi imandikhudza nthawi zonse ndikaikumbukira, chifukwa zimene amayi aja ankachita inunso mungazithe.

Mwana akaloza chinthu n'kufunsa kuti "Agogo, ichi n'chiyani?", muyankheni, ngakhale akhale akufunsa kachisanu. Musangoti "ndi mbalame" basi. Onjezani: "Ndi mbalame yakuda, taona ikuuluka. Ikupita kuti kodi?" Kenako dikirani, ayankhe yekha, ngakhale mawu ake akhale okhotakhota. Kudikirako n'kumene akuluakulu ambiri timalephera. Mukamachapa, iye aziwerenga zovala. Mutolereni zitsekerero za mabotolo aziika zofiira pazokha, zobiriwira pazokha. Mupatseni kamtengo azijambula pansi, zala zizolowere kudzagwira pensulo. Madzulo musimbireni nthano, n'kuimira pakati: "Ndiye ukuganiza kuti chinachitika n'chiyani?"

Za bambo akezo sindikubisirani, zikundidetsa nkhawa kuposa za ndalama. Mwana wokhalira mantha mutu wake umatanganidwa ndi kudziteteza, ndiye zophunzira sizikhazikika. Bamboyo akafika ataledzera, mwanayo muchotsenipo, ndipo phokoso likatha mufungatireni mpaka mtima wake utsike. Ngati akumumenya, musazengereze, kanenani kwa oona za chitetezo cha ana.

Chinanso, muyeseni makutu. Muitaneni motsitsa mawu muli kumbuyo kwake. Akapanda kutembenuka kangapo, kapena ngati makutu amatuluka mafinya, pitani naye kuchipatala asanayambe sukulu. Ana ena amatchedwa mbuli m'kalasi pamene vuto n'lakuti sakuwamva bwino aphunzitsi.