Chifukwa chake Radnorshire simukuiona pamapu

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji Radnorshire, komwe mukufuna kukacheza, sikukuoneka pamapu a maboma a ku Wales. Deralo lilipo ndithu. Linakhazikitsidwa mu 1536, nthawi ya mfumu Henry VIII, koma mu 1974 analiphatikiza ndi maboma a Brecknockshire komanso Montgomeryshire n'kupanga boma limodzi la Powys.

Radnorshire ndi dera lamapiri, nkhosa zili mbwee, anthu ndi ochepa. Phiri lalitali kwambiri, Great Rhos, ndi mamita 660. Kum'mwera malire ake ndi mtsinje wa Wye, ndipo kum'mawa, pa tauni ya Knighton, mukaona mpanda wadothi wa Offa's Dyke, wa zaka za m'ma 700.

Koma ine chomwe chimandikhudza mtima ndi chigwa cha Elan, kufupi ndi tauni ya Rhayader. Kuyambira 1893 anamangako madamu otumiza madzi ku mzinda wa Birmingham ku England, mtunda woposa makilomita 110, popanda makina opopera. Madziwo amangotsetsereka okha. Anamiza tchalitchi, sukulu ndi nyumba, anthu pafupifupi 100 n'kusamutsidwa. Chipukuta misozi analandira eni malo okha, alimi obwereka minda anachoka chimanjamanja. Mukakafika, yambirani pa damu la Caban Coch, ndipo musaiwale jekete yamvula chifukwa kumeneko imagwa pafupipafupi.