Disiki Ikhale Yaikulu Bwanji? Yambani ndi Mzere Umodzi

Wophunzira wina wa ku Ulongwe wapatsidwa ntchito yopangira gulu la alimi a mbatata ku Angónia database yolembamo malonda awo. Akufunsa kuti adziwe bwanji malo amene matebulo adzadye pa disiki, ndiponso ngati luso limeneli lingam'pezetse ntchito.

M'bale wanga, musayambe n'kuyang'ana mitengo ya disiki. Tengani pepala muwerengere mzere umodzi. Tinene kuti mukugwiritsa ntchito PostgreSQL, pulogalamu yoyendetsa database, yomwe imasunga zinthu m'masamba a 8 KB. Tebulo la malonda lili ndi nambala ya mzere ndi ndalama (zonse BIGINT, mtundu wa manambala akuluakulu, mabayiti 8 iliyonse), nambala ya mlimi, makilo ndi tsiku (mabayiti 4 iliyonse). Pamodzi ndi 28, koma PostgreSQL imakwaniritsa kufika 32. Wonjezani 24 a mutu wa mzere ndi 4 a cholozera pamene mzerewo uli m'tsamba, mupeza mabayiti 60. Tsamba limodzi limatenga mizere pafupifupi 136. Gulu likamalemba malonda 500 patsiku, pachaka ndi mizere 182,500, yomwe siposa 11 MB. Index ya primary key, mlozera wopezera mzere ndi nambala yake, iwonjezera pafupifupi 4 MB.

Mukuona kuchepa kwake? Chimene chimadzaza disiki si manambalawa ayi. Wina akaganiza zosunga zithunzi za BI (zitupa za unzika) za alimi m'tebulomo, zithunzi zochepa chabe zojambulidwa pa foni ziposa malonda a chaka chonse. Zithunzizo zikhale m'foda, m'tebulo mungolemba pamene zili.

Vuto lina limabisala. Mukasintha mzere ndi UPDATE, PostgreSQL imalemba watsopano n'kusiya wakalewo mpaka VACUUM, lamulo loyeretsa mizere yakale, idzaukonze. Ena amazimitsa autovacuum, yomwe imachita VACUUM yokha, poganiza kuti ikuchedwetsa makina, kenaka tebulo limatupa popanda chowonjezeka. Pa tebulo losinthidwa kawirikawiri, monga la ngongole za feteleza, tsitsani fillfactor (peresenti ya tsamba yoyenera kudzazidwa) kuchoka pa 100 kufika 80 kapena 90 kuti mzere watsopano upeze malo m'tsamba lomwelo. Siyiraninso malo foda ya pg_wal, momwe PostgreSQL imalembamo zosintha zonse. Disiki yake ikadzaza, seva imaima. Backup (kope losungira la database) isakhale pa disiki yomweyo.

Nambala ya foni musaiyike ngati INTEGER, mtundu wa manambala wa mabayiti 4. Ndi 258 ya Mozambique kutsogolo imakhala ya manambala 12, pamene INTEGER imathera pa 2,147,483,647. Ilembeni ngati mawu, monganso NUIT, nambala ya msonkho. Ndalama sungani m'ma centavos kapena NUMERIC, yosunga nambala ndendende, osati FLOAT, yomwe imangoyandikiza, kuopa kuti ma meticais angamasiyane pophatikiza.

Za ntchito: paliponse pamene pali kaundula wamkulu, kaya ku migodi ya Moatize, kubanki kapena kuchipatala, pamafunika wodziwa zimenezi. Mwa kuona kwanga, satifiketi yokha sikwanira. Ikani PostgreSQL pa laputopu, n'yaulere. Dzazani mizere miliyoni imodzi ndi generate_series, yopanga manambala otsatizana, yezani kukula kwa tebulo ndi pg_total_relation_size, mufanizire ndi masamu anu a papepala. Pamene zasiyana, fufuzani chifukwa chake, mulembe m'lipoti la pulojekitiyo.