Ntchito ya ku SACCO: bwana wina amakhala pamzere

Sabata yatha mtsikana wina wa ku Mzuzu ananditumizira imelo. Amuitana ku SACCO ina (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsana ndalama) kuti akakhale ofisala wa ngongole, koma achibale akumuuza kuti adikire mwayi wa ku banki. Akufunsa kuti: "Kodi mabwana a ku SACCO amakhala nawo bwanji antchito?"

Achemwali, munthu amene waima pakauntala ku banki ndi kasitomala. Ku SACCO ndi membala, ali ndi masheya, ndiye kuti ndi mwini wake. Pamsonkhano waukulu wa pachaka aliyense ali ndi voti imodzi, kaya masheya ake ndi ochepa kaya ndi a mamiliyoni. Mamembalawo amasankha bodi, bodi imalemba manijala, manijala amalemba inuyo. Aphunzitsi amene mwawakaniza ngongole lero, chaka chamawa mukhoza kuwapeza ali wapampando.

Ukoma ndi kuwawa kwa ntchitoyi kumachokera pomwepo. Kumene ndinkagwira ine, tinali anthu ochepa, timadyera limodzi nkhomaliro, ndipo maliro akagwa kwa mmodzi tonse timapita. Koma tsiku lina mkulu wina wa bodi anandipeza pa desiki, fomu ya mlamu wake ili m'manja, n'kunena kuti "mwana wanga, iyi ituluke lero." Mlamuyo anali asanamalize ngongole yakale. Ndinanjenjemera. Chinandipulumutsa n'chakuti manijala wathu anatuluka mu ofesi, nawauza mwaulemu kuti fomu iliyonse imadutsa ku komiti ya ngongole. Anzanga ena alibe manijala wotere. Amasayina chifukwa cha mantha, ndipo ngongole ikapanda kubwezedwa, ma odita amapeza dzina la ofisala, osati la mkulu uja.

Konzekeraninso kumapeto kwa mwezi. Mamembala ambiri amabweza podulidwa kumalipiro, ndiye olemba ntchito akachedwa kutumiza ndalamazo, amene amadzudzulidwa ndinu. Nyengo ya fizi ndi ya feteleza mzere umafika panja, ndipo kuweruka mdima utagwa si zachilendo.

Za abale anuwo, mwina akuganiza kuti SACCO ndi banki mkhonde yokulirapo. Ayi. Chiyambire lamulo la Financial Cooperatives Act la 2011, ma SACCO amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo MUSCCO, bungwe lawo lalikulu lomwe linayamba mu 1980, limaphunzitsa antchito ndi a bodi omwe. Malamulo a ntchito ndi omwewo a kwina kulikonse: Employment Act ya 2000 imati asanakuchotseni pa mlandu akumveni kaye mbali yanu, ndipo zikavuta kuli khoti la Industrial Relations. Pa penshoni, olemba ntchito amaikapo 10 peresenti, inu 5. Malipiro okha musayembekezere kuti afanane ndi a banki yaikulu, koma poti ndinu ochepa mudzagwira paliponse, kauntala, mabuku, kutolera ngongole, ndipo mudzaphunzira msanga.

Ine ndikuti pitani. Koma musanasayine kalata, pezani wantchito mmodzi wa pamenepo, makamaka wa pakauntala, mucheze naye kunja kwa ofesi. Mufunseni kuti mamanijala asinthapo angati m'zaka zisanu zapitazi, ndiponso kuti a bodi amabwera ku ofesi pa tsiku la msonkhano lokha kapena tsiku lililonse. Akayamba waseka asanayankhe funso lachiwirilo, mundilemberenso tikambirane.