Yezani kaye malo a cooler musanagule purosesa

Achimwene, mwati mukumanga kompyuta yaing'ono ndipo mukufuna kuikamo purosesa ya Intel i9-14900K. Musalipire kaye. Mu Fractal Terra mukunenayo, kabokosi ka malita 10, ndalama zanu zikathera m'phokoso ndi kutentha, ndipo amene wakuuzani kuti "bola kugula yapamwamba kamodzi n'kamodzi" sadzakhalapo tsiku lomasula zonse. Nkhani imeneyi imandipweteka mtima chifukwa anthu ambiri akugwera m'dzenje lomweli.

M'bokosi laling'ono chimene chimalamula ndi kutalika kwa cooler (choziziritsa purosesa), purosesa imabwera pambuyo. Terra imalola cooler ya mamilimita 48 mpaka 77, malinga ndi pomwe mwaika chitsulo chapakati cholekanitsa motherboard ndi graphics card. Graphics card ikakhala yonenepa, chitsulocho chimasunthira mbali ya motherboard ndipo malo a cooler amachepa. Bokosi lina, DAN A4-SFX, limathera pa 48. Cooler Master NR200 ndi ina, ili ndi malita 18 ndipo imalandira cooler yoimirira ya mamilimita pafupifupi 155, n'chifukwa chake omwe ali nayo amalankhula ngati vutoli kulibe. Tsono onani ma cooler omwe amalowa m'malo anuwo: Noctua NH-L9 ndi ya mamilimita 37, Thermalright AXP90-X47 ndi ya 47, NH-L12S ndi ya 70. Tizitsulo tating'ono, kafani kamodzi kopyapyala. Timeneti sitingachotse kutentha kwa mawati 250, kaya thermal paste yopaka pakati pa purosesa ndi cooler mugule yodula bwanji.

Ndipo nambala ya mawati yomwe ogulitsa amakonda kutchula si imene purosesa imadya ikamagwira ntchito yolemera. 14900K amailemba 125, koma Intel yemweyo amanena poyera kuti ikathamanga imafika 253. i5-12400 yolembedwa 65 imafika 117. Ku AMD n'chimodzimodzi: 65 ndiye kuti malire enieni ndi 88, 105 ndiye 142, ndipo 170 ya Ryzen 9 7950X ndiye 230. Nambala yachiwiriyo ndi imene cooler yanu ikumane nayo.

Mukaumirira, zimayenda chonchi. Mumanga bwinobwino, mawaya onse mwawabisa, mwatseka. Iyaka, Windows ilowa, mtima m'malo. Ndiye mutsegula HWiNFO, pulogalamu yoonetsa kutentha, n'kuyambitsa Cinebench, yoyesera mphamvu ya purosesa. Masekondi ochepa chabe kutentha kwafika madigiri 100, mzere wa thermal throttling (purosesa kudzichepetsa liwiro chifukwa cha kutentha) walemba Yes, liwiro layamba kutsika, ndipo kafani kaja kakulira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini chifukwa katsala pang'ono kugunda chivindikiro cham'mbali, mphepo ikukanika kudutsa m'timabowo. Pakatha mphindi khumi bokosi lonse latentha, SSD yokhala kuseri kwa motherboard nayo yayamba kuchedwa, graphics card ikupumira mpweya wotentha womwewo. Purosesa ija mwaigula mtengo wa i9 koma ikugwira ntchito yochepera kutali ndi imene munalipirira, phokoso lili pamwamba.

Ndiye muti ndisinthe cooler. Apa m'pamene pamaliritsa. Ma cooler aafupi ambiri, monga NH-L9, amamangidwa ndi ma screw olowera kuseri kwa motherboard, ndipo m'mabokosi oterewa kuseriko n'komwe kuli graphics card. Muyenera kuchotsa khadiyo, kuchotsa riser cable yolumikiza khadiyo ku motherboard osaipinda kwambiri, kuzula waya wa 24-pin, kenako wa 8-pin uja wa pakona pomwe zala sizilowa, ndi timawaya ta batani loyatsira tomwe munavutika nato poyamba paja. Mwatopa, mtima wakwera, manja akufulumira. Nthawi imeneyi ndi imene anthu amapinda ma pin. Pa LGA1700 ya Intel ndi AM5 ya AMD ma pin ali pa socket ya motherboard, pokhala purosesa paja, purosesa ikangopulumuka m'zala n'kugwera pamenepo, motherboard yapita, ndipo palibe amene adzakubwezereni. Cooler yatsopano ija muiyeze, mupeza ikugunda RAM, chifukwa NH-L12S fani ikakhala pansi imangolola RAM ya mamilimita 35, ndipo inu munagula zazitali zamagetsi owala zija. Purosesa nayo yapakidwa paste, katoni yang'ambidwa, wogulitsa akuti "zotsegula sitilandira".

Amene amandikwiyitsa ndi awiri. Woyamba ndi wogulitsa amene amaona bwinobwino kuti munthu watenga motherboard ya mini-ITX, ya mamilimita 170 mbali zonse, ndi kabokosi kakang'ono, koma osamufunsa ngakhale funso limodzi la cooler, maso ali pa purosesa yodula. Wachiwiri ndi anthu a mavidiyo aja, amene amayesa purosesa patebulo poyera ndi cooler yamadzi ya mamilimita 360, n'kuonetsa manambala okongola osanena kuti m'bokosi lotseka manambala amenewo simudzawaona. Kenako munthu akabwera pano kudzadandaula, ena n'kumamuuza kuti sanapake bwino paste. Paste ilibe mlandu, anamunamiza pogula.

Pali msampha wina wa mapurosesa othera ndi F, monga i5-12400F kapena Ryzen 5 7500F, komanso Ryzen 5 5600, amene alibe graphics yam'kati. Anthu amati ndili ndi graphics card, ndisungeko ndalama. M'bokosi la riser cable musatero. Riser ikakhala ya PCIe 3.0 pomwe khadi ndi motherboard zili za 4.0, kawirikawiri sikirini imangokhala bii, kapena imazima n'kumayaka. Mankhwala ake n'kulowa mu BIOS, mosinthira makonzedwe a motherboard, n'kuika slot ya khadi pa Gen 3 (PCIe 3.0) pamanja. Koma mulowa bwanji mu BIOS sikirini ili yakuda? Purosesa ikakhala ndi graphics yake, mumazula khadi, kulumikiza HDMI ku motherboard, kusintha, basi zatha. Ikakhala ya F, muyenera kutulutsa motherboard yonse kuti khadi ilowe mu slot mwachindunji. Kusiyana kwa mtengo n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi chintchito chimenecho.

Tsono mugule iti? Ngati cooler yanu ili pansi pa mamilimita 50, khalani pa za mawati 65: Ryzen 5 7600, kapena Ryzen 7 7700 ndi 9700X ngati mukufuna ma core 8. Ma Ryzen 7000 anawapanga kuti azikwera mpaka madigiri 95, choncho mukaona 90 pa ntchito yolemera musachite mantha, yang'anani ngati liwiro likutsika. AM5 imafuna DDR5 yokha, ndipo motherboard ya mini-ITX ili ndi malo awiri okha a RAM, ndiye gulani ziwiri za 16 GB, zazifupi, nthawi imodzi. Mukatenga 9700X ndi motherboard ya B650 yomwe yakhalitsa m'sitolo, mwina ifuna BIOS yatsopano. Chitani zimenezi patebulo musanamange: fayilo pa flash ya FAT32, mawaya a 24-pin ndi 8-pin olumikiza, n'kudina batani la BIOS Flashback ngati motherboard yanu ili nalo. Ku Intel, i5-12400 ikadali yabwino, ndipo Quick Sync yake imathandiza kwa okonza mavidiyo, koma socket ya LGA1700 inathera pa m'badwo wa 14, ma Core Ultra 200S a 2024 anasamukira ku LGA1851. Komanso amene ali kale ndi za m'badwo wa 13 kapena 14, makamaka i7 ndi i9, aike BIOS yokhala ndi microcode 0x12B kapena yatsopano kuposa pamenepo. Mu 2024 Intel anavomereza kuti magetsi okwera amawononga ena mwa mapurosesa amenewa ndipo anawonjezera zaka ziwiri pa warranty.

Ngati simuikamo graphics card n'komwe, Ryzen 5 8600G kapena Ryzen 7 8700G ndi zimene zili ndi graphics yam'kati yamphamvu yoseweretsa magemu opepuka. Koma ngati mukuganiza zodzaika khadi yaikulu mtsogolo, zisiyeni, zili ndi L3 cache (memory yothamanga yam'kati mwa purosesa) ya 16 MB yokha ndipo khadi zimaipatsa ma lane 8 m'malo mwa 16.

Komabe musathawe purosesa iliyonse chifukwa cha nambala yaikulu. Ryzen 7 7800X3D amailemba mawati 120, koma m'magemu siyandikira n'komwe pamenepo, ndipo ndi cache yake ya 96 MB ndi imodzi mwa zoyenera kwambiri m'bokosi laling'ono. Pa cooler ya mamilimita 47 imatentha ndithu, malire ake ndi madigiri 89, koma imagwira ntchito. Ngakhale 7950X, mukaiika pa Eco Mode ya mawati 105, imasunga gawo lalikulu la mphamvu zake, ndipo kwa munthu amene ntchito yake ikufunadi ma core 16 njira imeneyi ndi yanzeru. Onjezani Curve Optimizer ya negative mu BIOS, yochepetsa magetsi opita ku purosesa, yambani pa 10, yesani, kenako 15 kapena 20, ikayamba kudzizimitsa yokha bwererani mmbuyo. i9 yanuyo nayonso, ngati munalipira kale ndipo sakubwezerani, lowani mu BIOS muike malire a mawati, PL1 ndi PL2, pa 125, pezani cooler yaitali kwambiri imene Terra ikulola ndi khadi yanuyo, musiye mpata wa mamilimita angapo pakati pa fani ndi chivindikiro, ndipo yesani Cinebench mphindi khumi motherboard ili patebulo musanaike chilichonse m'bokosi.