Mkwiyo wa kuntchito ukundisokonezera banja

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku Limbe. Mayi amene ndimakhala naye ofesi imodzi amakonda kundineneza kwa abwana pa zolakwa zimene wachita yekha. Kuntchito ndimangokhala chete poopa kuchotsedwa, koma ndikafika pakhomo ndimakalipira ana pa zinthu zazing'onozing'ono, moti bambo akunyumba ayamba kubwera mochedwa pothawa pakamwa panga. Lamulungu ndimachita manyazi kuimirira mukwaya. Ndithandizeni.

Mayi wa ku Bangwe

Mwanangu,

Kukwiya pamene mwanamiziridwa si tchimo. Pa Aefeso 4:26 Paulo sakuletsa kukwiya, koma akuchenjeza kuti dzuwa lisalowe tikadali chikwiyire, ndipo inu dzuwa likumakulowerani muli m'minibasi, mutanyamula mkwiyo wokapatsa anthu amene sanakulakwireni. Kukhala chete kwanuko musakuyese kufatsa, chifukwa akulipira ndi ana.

Njira imene Ambuye Yesu anapereka pa Mateyu 18:15 ndi yakuti muyambe mwakambirana awiriwiri ndi amene wakulakwirani. Musamuyambe pagulu, kapena tsiku limene mtima uli m'mwamba. Mupempheni pa nthawi yopuma, mutchule cholakwa chimodzi chokha, tsiku lake ndi mmene chinakupwetekerani, osafukula za chaka chatha. Akakana kumva, mavesi otsatirawo amalola kuitana mboni, ndipo kuntchito mboni yoyenera ndi mkulu woona za antchito, osati anzanu a miseche. Popeza ntchito yanu ndi ya ndalama, muzisunga mapepala onse amene mwasainira. Kukhululuka sikutanthauza kuvomera mlandu umene si wanu.

Musadabwenso ngati simudzakhala mabwenzi. Paulo ndi Barnaba, atumiki a Mulungu onse awiri, anakangana kwambiri chifukwa cha Yohane Marko mpaka anapatukana, monga timawerengera pa Machitidwe 15, komabe patapita zaka Paulo yemweyo anauza Timoteo kuti abwere naye Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki.

Koma ine chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi pakhomo panu. Kodi amuna anu akudziwa zimene zikuchitika kuofesi, kapena akungoona nkhope yakugwa? Madzulo ano, ana akagona, afotokozereni zonse, muwapepese, ndipo mupemphere limodzi motchula dzina la mayi uja. Mawa m'mawa mupepesenso anawo asanapite kusukulu. Kwaya musasiye.

Azakhali