Yankho kwa achemwali: za soda, chidulo ndi funso la Chemistry

Achemwali, mwaswera bwanji ku Nchaloko? Uthenga wanu ndaumva. Mwafunsa ziwiri: chifukwa chake soda ndi chidulo zimagwira ntchito imodzi mu therere, komanso funso la mnyamata wathu wa Fomu 3 lija, loti n'chifukwa chiyani ma element ena amafanana khalidwe. Yankho lake ndi limodzi, ndiye muitaneni akhale pafupi, atenge kope ndi cholembera.

Tiyambire kukhitchini. Mu soda wogula uja muli sodium. Mu chidulo, chija mumadontheza pa phulusa la zitsononkho m'chitini chobowola kunsi, muli potassium. Chimene chimafewetsa ndiwo kwenikweni ndi carbonate amene ali mu zonse ziwiri, koma carbonate sangagwire ntchito asanasungunuke m'madzi. Ndiye sodium ndi potassium onse awiri akagwirana ndi carbonate amasungunuka mosavuta. M'phulusamo mulinso calcium wambiri, koma carbonate wake sasungunuka, amatsalira m'chitini momwemo. Mwaona? Awiri akuchita zofanana, wachitatu wakana. Chifukwa chake chili m'kati mwa atomu.

Iwe mnyamata, lemba izi. Pakati pa atomu pali phata, m'menemo muli ma proton. Kuchuluka kwa ma proton ndiyo atomic number, ndipo ma electron amakhala ochuluka chimodzimodzi. Ma electron amenewa amakhala m'mizere yozungulira phata, ija mumati ma shell. Mzere woyamba umalowa 2 basi. Wachiwiri 8. Wachitatu ukafika 8, wachinayi umayamba. Lamulo limeneli ligwiritse ntchito pa ma element 20 oyambirira, kupitirira calcium zinthu zimasintha.

Sodium ndi nambala 11, ndiye umagawa 2, 8, 1. Potassium ndi 19, umagawa 2, 8, 8, 1. Lithium ndi 3, umagawa 2, 1. Tayang'ana nambala yomaliza. Ponseponse ndi 1. Atomu ikakumana ndi inzake, ma electron a mzere wakunja ndi amene amagwira ntchito, a m'katiwo sakhudzidwa. Zili ngati pakhomo, mlendo amalankhula ndi amene wakhala pakhonde, osati amene ali kuchipinda. Atomu imakhazikika mzere wake wakunja ukakhala wodzaza, ndiye atatuwa njira yawo yachidule ndi kutaya electron imodzi ija n'kutsala ndi chaji ya +1. Poti amataya mofanana, amagwirananso ndi zinthu zina mofanana. N'chifukwa chake anaikidwa mu Gulu 1.

Chlorine, uja timathira m'madzi akumwa nthawi ya kolera, ndi 17: 2, 8, 7. Iyeyo akusowa imodzi kuti akwane 8. Sodium akataya, chlorine amatola, n'kupanga mchere wathu wa m'ndiwowu, NaCl, mmodzi kwa mmodzi. Fluorine ndi iodine, uja amathira mu mchere poteteza chithokomiro, nawonso ali ndi 7 kunja, gulu lawo ndi limodzi, Gulu 7. Magnesium ndi 2, 8, 2, calcium ndi 2, 8, 8, 2. Awa amataya awiri, ndiye calcium mmodzi amafuna ma chlorine awiri, CaCl2. Madzi a mijigo ina kuchigwa kuno, aja sopo sachita thovu ndipo amasiya zoyera zouma pansi pa ketulo, ochititsa ndi awiri amenewa, calcium ndi magnesium. Pomwe kuwawa mchere kwa mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje, kwambiri ndi sodium ndi chloride.

Tsono kufanana sikutanthauza kuti ndi chinthu chimodzi, apa ndiye pamene pamagona malikisi. Ukamatsika mu Gulu 1, mizere imawonjezereka, electron yakunja ija imatalikira phata, ndipo kukoka kumachepa. Ndiye potassium amataya msanga kuposa sodium. Kachidutswa ka sodium akakaponya m'madzi kamathamanga pamwamba kakuchita thovu, koma ka potassium kamayaka moto wapepo (lilac). Onse amasungidwa m'mafuta kuti asakhudzane ndi mpweya kapena chinyezi. Mu Gulu 7 ndi mosemphana: kumeneko atomu ikufuna kukoka electron, ndiye yaing'ono ndiyo yamphamvu, fluorine kuposa chlorine, chlorine kuposa iodine. Achemwali, izi zikukhudzaninso inu: feteleza wa potashi, KCl, ndi wachibale wa mchere, koma asayandikire mphika, sanapangidwe kuti adyedwe.

Tebulo la ma element (Periodic Table), momwe muli magulu amenewa, analikonza Mendeleev wa ku Russia mu 1869, ma electron asanadziwike n'komwe. Anangoona makhalidwe akubwerezabwereza, n'kusiya mipata ya ma element amene anali asanapezeke. Gallium anapezeka mu 1875, germanium mu 1886, ndipo anakwana m'mipatamo.

Pamene ana ambiri amalakwitsa ndi apa. Amatenga mass number (ma proton kuphatikiza ma neutron) m'malo mwa atomic number, ndiye sodium amamugawa 23 m'malo mwa 11, zonse n'kusokonekera. Pa nambala ziwirizo, tenga yaing'onoyo. Ena potassium amalemba 2, 8, 9, kuiwala kutsegula mzere wachinayi. Helium nayenso amapusitsa: ali ndi 2 kunja, koma si wa Gulu 2, chifukwa mzere woyamba umadzaza ndi 2, ndiye amakhala limodzi ndi neon ndi argon, aja sagwirana ndi chinthu wamba. Ndipo usasokoneze: nambala yomaliza ikupatsa gulu, kuchuluka kwa mizere kukupatsa period, mndandanda wopingasa wa pa tebulo.

Usikuuno ugawe nambala izi: 9, 12, 13, 16 ndi 20. Pa iliyonse ulembe gulu, period, ndiponso ngati itaya kapena itola ma electron, angati. Mayi ako ajambule tsambalo anditumizire pompano, ndiliona ndisanagone.